Foni yotchipa yakana simu khadi kapena yadzitseka: pezani vuto poyang'ana zimene ikuchita

Kwa okonza mafoni a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu dandaulo ili limafika tsiku ndi tsiku. Munthu wagula foni pamtengo wokoma, kapena m'bale wake wa ku Joni kaya ku UK wamutumizira, waikamo khadi ya Airtel kapena ya TNM, koma foni ili duu. Aliyense amangoti "yalokedwa". Chovuta nchakuti mawu amodziwa akuimira matenda osiyanasiyana. Pali loko ya kampani ya netiweki, loko ya ngongole, loko ya akaunti ya mwini wakale, ndiponso pali foni imene sinalokedwe konse koma siigwirizana ndi nsanja za kuno. Mankhwala a lina sachiza linzake, ndipo ndalama zambiri zimathera pa kufulasha (kuikamonso pulogalamu yoyendetsa foni) foni imene vuto lake silili m'kati mwa foniyo.

## Musanapite nayo kulikonse

- Jambulani ndi foni ina mawu onse amene akuoneka pa sikirini. Mawu amenewo ndiwo akuuzeni gawo loti muwerenge pansipa.
- Ikani khadi yanu mu foni ina imene ikugwira ntchito. Ikakananso kumeneko, vuto ndi khadi.
- Mu foni yovutayo yesani khadi ya kampani ina. Ngati ili ndi malo awiri oika makhadi, yesani malo onse, amodziamodzi.
- Imbani *#06# ndipo lembani IMEI, nambala ya manambala 15 imene ndi chiphaso cha foniyo. Foni ya makhadi awiri imaonetsa ma IMEI awiri.
- Musalembe manambala ongopeka pamene foni ikufunsa khodi. Mipata yoyesera ndi yowerengeka, ndipo ikatha vuto limakula.

## Chizindikiro 1: Mukaika khadi, foni ikufunsa khodi kapena ikuti khadiyo siyololedwa

Mawu ake amakhala monga "SIM network unlock PIN", "Network locked", "Invalid SIM" kapena, pa iPhone, "SIM Not Supported".

1. Foni inamangidwa ku kampani imodzi ya netiweki. Ichi ndicho chifukwa chofala kuposa zonse. Kampani ya kunja imagulitsa foni motchipa, kapena pa kontirakiti ya miyezi yambiri, poyembekeza kuti ndalama zake zidzabwerera kudzera m'mayunitsi ndi mabandulo. Kuti munthu asathawe nayo kupita ku kampani ina, amaitseka kuti izilandira makhadi awo okha. Mafoni ambiri otere amene amafika kuno amachokera ku South Africa, kumene mafoni otsika mtengo a m'masitolo akuluakulu kawirikawiri amakhala omangidwa ku Vodacom kapena MTN, komanso ku America, kwa AT&T, T-Mobile ndi Verizon. Ku Canada analetsa kugulitsa mafoni olokedwa kuyambira December 2017, ku Japan kuyambira October 2021, ndipo ku UK bungwe la Ofcom linaletsa kuyambira December 2021. Koma malamulowa sanatsegule okha mafoni onse akale, choncho foni ya kaunjika yochokera kumeneko imene inagulidwa lamulo lisanayambe ikhoza kukhalabe yotseka.

Mmene mungatsimikizire:

- Pa iPhone pitani ku Settings, General, About, kenaka tsikani mpaka pa Carrier Lock. Pakalembedwa "No SIM restrictions", foniyo ndi yomasuka. Mawu ena aliwonse akutanthauza kuti ndi yomangidwa.
- Pa Android yang'anani poyatsa: chizindikiro cha kampani ya netiweki chikaoneka pamodzi ndi cha wopanga foni, kayikirani. Onaninso katoni ngati ilipo.
- Mafoni ena a makhadi awiri amatsekedwa malo oyamba okha. Khadi ya kuno ikagwira pa malo achiwiri, foniyo mukhoza kuigwiritsa ntchito, koma onani ngati intaneti ikuyenda pa malo amenewo, chifukwa pa ena malo achiwiri ndi oimbira basi.

Chochita: yemwe ali ndi kiyi weniweni ndi kampani imene inatseka foniyo. Airtel ndi TNM sangatsegule loko ya Vodacom, ngakhale mutapita ku ofesi yaikulu. Njira yake ndi iyi:

1. Pezani dzina la kampani imene inagulitsa foniyo poyamba.
2. Pemphani munthu amene anaigula kumeneko kuti apereke pempho loti itsegulidwe. Adzafunika IMEI, ndipo makampani ambiri amafuna kuti ngongole ya foniyo ikhale itatha, ikhale itagwira ntchito pa netiweki yawo kwa nthawi imene iwo anaika, ndiponso isakhale pa mndandanda wa mafoni obedwa.
3. Ngati ndi Android, adzatumiza khodi, kawirikawiri ya manambala 8 kapena 16. Ikani khadi ya kuno, yatsani foni, lembani khodiyo modekha pamene ikufunsa. Mafoni ena a ku America safuna khodi koma amatsegukira pa pulogalamu imene ili m'kati mwake, foni italumikizidwa ku WiFi.
4. Ngati ndi iPhone, khodi kulibe. Kampaniyo imauza Apple, ndipo Apple imasintha m'makompyuta ake. Inu mumangoika khadi ya kuno, kulumikiza ku WiFi ndi kudikira kuti foni idzitsimikize.

Mfundo ya iPhone imeneyi muigwire bwino. Loko yake simakhala mu foni, imakhala kwa Apple. Kufulasha, kufufuta zonse, kaya kusintha sikirini sikuichotsa. Wokonza amene akukuuzani kuti aitsegula ndi chingwe m'maminitsi 20 ndiye kuti akuikirani chinthu chimene chafotokozedwa pa nambala 4 m'munsimu.

2. Ikufunsa PIN ya khadi, osati ya foni. Mawu ake ndi "Enter SIM PIN" kapena "Enter PUK". Mukalakwitsa PIN katatu, khadi imafuna PUK. PUK imalembedwa pa pulasitiki yaikulu imene khadi inathyoledwapo, ndipo mukataya, kampani yanu imakupatsani mukaonetsa chiphaso. Mukalakwitsa PUK ka 10, khadiyo yafa, mukatenge ina ya nambala yomweyo ku ofesi.

3. Loko ya chigawo pa Samsung yatsopano. Ma Samsung ena amakhala ndi kapepala pa katoni konena kuti ayambe kugwiritsidwa ntchito ndi khadi ya chigawo chimene anagulitsidwa, monga ku Europe. Loko imeneyi imachoka yokha foni ikaimba kwa maminitsi okwana 5 ndi khadi ya kumeneko. Ngati m'bale wanu akukugulirani yatsopano, muuzeni aitsegule ndi kuimbirapo asanaitumize. Ikafika kale, malo okonzera mafoni ovomerezeka ndi Samsung ndiwo angathandize, mutanyamula lisiti.

4. Munali kachipangizo konamiza foni. Ma iPhone ena otchipa kwambiri amagulitsidwa ali ndi kapepala kopyapyala ka golide kogona pansi pa khadi m'kathireyi koikamo simu khadi. Amakatchula R-SIM kapena turbo SIM. Kamanamiza foni kuti khadi yanu ndi ya kampani ya kunja ija. Foni imagwira masiku angapo, kenaka mukasintha khadi, mukapanga update kapena mukafufuta zonse, imabwerera ku "SIM Not Supported". Batire imathanso msanga, ndipo netiweki imangothawathawa. Tulutsani kathireyi muone. Mukakapeza, dziwani kuti munagula foni yolokedwa pamtengo wa yomasuka, ndipo muli ndi chifukwa choibwezera.

Lekani pomwepo ngati: mwalakwitsa khodi kawiri, kapena Samsung yayamba kulemba "Phone freeze" kaya kufunsa "MCK". Apa pakufunika khodi yachiwiri imene imachokeranso ku kampani ija. Masamba a pa intaneti ogulitsa makhodi alipo, ena amaperekadi khodi yolondola pa mafoni a Android, koma ambiri amalandira ndalama nkusowa. Musatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook akulonjeza kutsegula foni ali kutali.

## Chizindikiro 2: Khadi yalandiridwa koma palibe netiweki

Sikirini ikulemba "No service", "Emergency calls only" kapena "Not registered on network".

1. Khadi yokha. Mwina inatsekedwa chifukwa chokhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, mwina kalembera wake ndi chiphaso cha unzika sanathe bwino, mwina ndi yodulidwa ndi lumo kuti ikwane m'kathireyi kakang'ono ndipo golide wake sakukhudza bwino. Kuyesa mu foni ina kumathetsa mkangano. Mankhwala ake ndi khadi yatsopano ku ofesi ya kampani yanu.

2. Zoikika za m'kati zinatsalira kudziko limene foni inachokera. Pitani ku Mobile networks, pa Network operators, zimitsani kusankha kodzichitira, dikirani kuti isake, ndipo sankhani TNM kapena Airtel nokha. Nthawi zina m'malo mwa dzina mumaoneka manambala: 650 01 ndi TNM, 650 10 ndi Airtel. Pa Preferred network type sankhani mzere umene uli ndi 4G, 3G ndi 2G pamodzi. Foni yoikidwa pa 4G yokha imasowa netiweki kumudzi, ndipo mafoni oimba akhoza kusalowa. Zikakanika, sankhani Reset network settings. Zithunzi zanu sizifufutika, zimafufutika ndi zinthu monga mapasiwedi a WiFi ndi zolumikiza za Bluetooth.

3. IMEI inatsekedwa. Foni ikabedwa, kapena mwini akasiya kulipira kontirakiti, kampani imaika IMEI yake pa mndandanda wa mafoni oletsedwa. Makampani ambiri amagawana mndandandawu kudzera ku GSMA, bungwe la makampani a netiweki a padziko lonse, koma si onse amene amautsatira. Nchifukwa chake foni yoletsedwa ku London ikhoza kugwira ku Blantyre, nkudzafa mwini akapita nayo ku Johannesburg. Foni yotereyi kampani ya kunja siingavomerenso kuichotsa loko. Yotha kuichotsa pa mndandanda ndi kampani yokhayo imene inaiikapo.

4. IMEI inafufutika pofulasha. Mukaimba *#06# nkuona "null", "invalid" kapena mazilo okhaokha, kapena pa About phone pa Baseband version palembedwa "Unknown", ndiye kuti kagawo ka foni kosunga chiphaso chake kanawonongeka. Zimachitika kwambiri foni ikafulashidwa ndi fayilo ya mtundu wina wofanana nawo dzina. Iyi ndi ntchito ya katswiri, ndipo ayenera kubwezeretsa IMEI yeniyeni ya foniyo, imene ili pa katoni kapena pa kathireyi.

5. Kuwonongeka kwa zida. Foni imene inagwa, inanyowa, kapena inasinthidwa sikirini mosasamala ikhoza kukhala ndi kawaya ka eriyo kosomoka. Chizindikiro chake: netiweki imabwera mukayandikira nsanja, nkusowa mukalowa m'nyumba pamene mafoni ena akugwira. Kubwezeretsa kawayako ndi ntchito yaing'ono. Vuto likakhala pa bodi, yerekezani mtengo wokonzera ndi wa foni ina musanavomere.

Lekani ngati wokonza akufuna kuika IMEI ya foni ina. Ku UK kusintha IMEI ndi mlandu kuyambira 2002, ndipo kulikonse ndi njira imene akuba amabisira katundu. Kuno kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu pawokha, ndipo apolisi akamalondola foni amafikira kwa amene waigwira m'manja, osati kwa amene anaigulitsa pa depoti.

## Chizindikiro 3: Kuimba kukutheka koma intaneti palibe, kapena ikukwawa

1. Bandulo kapena khadi yolakwika. Pa foni ya makhadi awiri, onani pa SIM manager kuti data ikuchokera pa khadi iti. Anthu ambiri amagula bandulo pa TNM pamene foni ikukoka pa Airtel, mayunitsi nkuthera pomwepo.

2. APN ya kampani yakale. APN ndi khomo limene foni imalowera pa intaneti. Foni yochokera kunja nthawi zina imasunga khomo la kampani yakale. Pitani ku Access Point Names, sankhani Reset to default. Pakakhala popanda kanthu, pangani yatsopano: pa Name lembani dzina lililonse, pa APN lembani mawu amene kampani yanu ikupatseni, amene kawirikawiri ndi internet m'zilembo zazing'ono, sungani, isankheni, ndipo zimitsani foni nkuiyatsanso. Ma Android ena a ku America sakulolani kusintha APN mpaka loko ya kampani itachoka.

3. Malo achiwiri ndi a 2G. Pa mafoni akale ndi otsika mtengo, 4G imagwira pa khadi imodzi yokha. Sinthanitsani makhadi.

4. Foni ilibe mabandi a kuno. Apa mpamene ambiri amapusitsika, chifukwa pa katoni palembedwa 4G ndipo si bodza. 4G siimodzi: kampani iliyonse imaulutsa pa mafunde ake, otchedwa mabandi, ndipo foni imamva okhawo amene anaipangira. Ku Africa ndi ku Europe ofala kwambiri ndi band 3 ya 1800 MHz, band 1 ya 2100 MHz, band 8 ya 900 MHz ndi band 20 ya 800 MHz. Ku America amadalira ena, monga 2, 4, 12 ndi 13. Mafoni odula amakhala ndi mabandi ambiri, koma otchipa opangira msika wa America amakhala ndi ochepa, ndipo ambiri opangira msika wa m'dziko la China alibe band 20. Mafunde otsika ngati 800 ndi 900 ndiwo amafika patali ndi kulowa m'makoma, choncho foni yowasowa imaonetsa 4G m'tauni, nkutsikira pa H (3G) kapena E (2G) mukangodutsa Lunzu kapena Lumbadzi.

Kuti mutsimikize, tengani nambala ya mtundu wa foni pa About phone, osati dzina lake lokha. Pa Samsung, chilembo chakumapeto chimanena msika: U ndi ya ku America, F kapena B ndi ya maiko ambiri. Sakani nambalayo pa intaneti muone mabandi ake, kenaka ikani khadi yanu mu foni ya mnzanu yogulidwa kuno pamalo omwewo. Yake ikaonetsa 4G yanu ili pa E, yankho mwalipeza. Vuto ili lilibe mankhwala, chifukwa mabandi ali m'zida, osati m'pulogalamu. Musalipire aliyense kuti "awonjezere 4G".

5. Foni ndi feki. Zina zimajambula 5G pamwamba pa sikirini pamene m'kati muli 3G yokha. Onani chizindikiro 7.

## Chizindikiro 4: Palibe poika khadi, kapena ikuti "No SIM"

Kuyambira pa iPhone 14 ya mu 2022, ma iPhone ogulitsidwa ku America alibe kathireyi, amagwiritsa ntchito eSIM yokha, simu khadi yomangidwira m'kati mwa foni. Musanagule yotereyi, pitani ku ofesi ya kampani yanu mukafunse ngati angasamutsire nambala yanu pa eSIM, ndipo tsimikizani kuti pa Carrier Lock palembedwa "No SIM restrictions", chifukwa eSIM nayonso simalowa mu foni yomangidwa. Pali ma iPhone a ku America amene amisiri ena anaboola m'mbali nkuwotchereramo kathireyi. Amaoneka bwino, koma madzi amalowa mosavuta ndipo bodi inagwiridwa kale ndi moto. Kuti mudziwe kumene inachokera, onani Model Number pa About: yothera ndi LL/A ndi ya ku America, B/A ya ku UK, J/A ya ku Japan, CH/A ya ku China.

Ngati kathireyi kalipo koma foni siikuona khadi, pukutani golide wa khadi ndi kansalu kouma, onani ngati kathireyi kanapindika, ndipo walitsani tochi m'kati. Timapini tothyoka timafuna wokonza. Musatokosemo ndi singano.

## Chizindikiro 5: Inagwira bwino milungu ingapo, kenaka yadzitseka ndipo ikufuna malipiro

1. Foni ya ngongole. Makampani ogulitsa mafoni polipira pang'onopang'ono, monga M-KOPA ndi PayJoy, amaika pulogalamu imene imatseka foni tsiku lolipira likadutsa. Pa ma Samsung ambiri ntchitoyi imagwiridwa ndi Knox Guard. Wina amatenga foni atangopereka dipoziti, amalipira mwezi umodzi kuti ikhale yotseguka, nkuigulitsa kwa inu. Mwezi ukatha, sikirini imatsekeka nkuonetsa dzina la kampani ndi nambala yoimbira. Kufufuta zonse sikuthandiza: ikangolumikizidwa ku intaneti imadzitsekanso, chifukwa IMEI yake ili m'kaundula wa kampaniyo.

Chochita ndi kuimbira kampani yolembedwa pa sikirini, kufunsa ngongole imene yatsala, ndi kubwerera kwa wogulitsa ndi nkhaniyo. Ngati yatsala yochepa, kumaliza kulipira ndiyo njira yokhayo imene imatsegula foni mpaka kalekale, koma funsani kaye ngati akaunti ingasinthidwe kukhala m'dzina lanu. Okonza ena amadziwa kuidumphitsa, koma imabwerera pa update yotsatira, ndipo mapulogalamu a banki nthawi zambiri amakana kugwira pa foni yosokonezedwa chotere.

2. Foni ya kuntchito. Mawu ake ndi "Remote Management" pa iPhone kapena "This device is managed by your organization" pa Android. Ndi ya kampani kapena bungwe limene linapatsa wantchito wake. Oichotsa ndi a bungwelo basi.

Musanagule, pa Android onani Device admin apps pansi pa Security. Pa iPhone onani VPN & Device Management pansi pa General. Dzina lachilendo likapezeka pamenepo, ndipo silikulola kuzimitsidwa, bwezani foniyo m'manja mwa mwini wake.

## Chizindikiro 6: Mutafufuta zonse, ikufunsa akaunti ya munthu wina

Pa Android imati mulowe ndi akaunti ya Google imene inalipo kale. Pa iPhone imalemba "iPhone Locked to Owner" kapena "Activation Lock". Ichi ndi chitetezo choletsa akuba, ndipo chimadzuka foni ikafufutidwa mwini asanatulutse akaunti yake.

1. Mwini wakale anaiwala kutuluka. Muimbireni. Wa iPhone akhoza kuichotsa pa akaunti yake ali kwawo, kudzera pa Find My kapena pa iCloud.com, posankha kuchotsa foniyo pa mndandanda wa zipangizo zake. Wa Android ayenera kulemba akaunti yake pa foniyo kamodzi, kenaka nkuichotsa pa Accounts.
2. Akaunti ndi yanu koma anakutsegulirani ndi wina. Zimachitika kwambiri: mnyamata wa pa shopu anakupangirani Gmail tsiku logula, pasiwedi simunailembe. Yesani kuibwezeretsa pa tsamba la Google pogwiritsa ntchito nambala ya foni imene inalembetsedwa. Mukasintha pasiwedi, foni ikhoza kukudikiritsani tsiku lathunthu kapena kuposerapo isanailandire. Kudikirako ndi mbali ya chitetezo, si vuto lina.
3. Ndi yobedwa. Wogulitsa akayamba kuzembazemba, kapena nambala yake yasiya kupezeka, tengani lisiti ndi mauthenga amene munalemberana mupite nazo kupolisi.

Apple imachotsa Activation Lock kwa munthu amene ali ndi lisiti yoyambirira yoonetsa IMEI kapena nambala ya siriyo ya foniyo. Popanda zimenezo, iPhone yotereyi ndi ya masipeya basi.

## Chizindikiro 7: Play Store palibe, WhatsApp ikukana, kapena malo adzadza msanga

1. Malo ndi ochepa kuposa mmene munaganizira. Pa foni ya 32GB, pulogalamu yoyendetsa foni imadya gawo lalikulu musanaikemo kanthu, ndipo mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amamaliza chotsalacho. Zimitsani Media auto-download, chotsani zakale pa Manage storage, ndipo ikani memory card ngati foni ikulola. Pogula, 64GB ndiyo poyambira pabwino. Samalaninso ndi zolemba ngati 4+4GB RAM pa makatoni a Tecno, itel, Infinix ndi Redmi. RAM ndi malo amene foni imagwiriramo ntchito mapulogalamu akatsegulidwa. Nambala yoyamba ndiyo RAM yeniyeni, yachiwiri ndi yobwereka ku malo osungira zinthu ndipo ndi yochedwa. Mafoni a RAM ya 2GB kawirikawiri amayendera Android Go, imene imakwanira kuimba, WhatsApp ndi Facebook Lite, koma imalemedwa mukatsegula zambiri nthawi imodzi.

2. Foni yakalamba. WhatsApp inasiya kugwira pa iPhone 5s, 6 ndi 6 Plus mu 2025, chifukwa inayamba kufuna iOS 15.1 kupita m'tsogolo ndipo mafoni amenewa safika pamenepo. Mapulogalamu a banki amasiya mafoni akale msanga kuposa pamenepa. Onani Android version kapena iOS version musanagule.

3. Ndi ya msika wa ku China, kapena Huawei yatsopano. Mafoni opangira anthu a m'dziko la China sabwera ndi Play Store. Ma Huawei amene anatuluka America itaika ziletso mu 2019 alibe mapulogalamu a Google, ali ndi AppGallery m'malo mwake. Kuika Google mokakamiza kumatheka pa ena, koma mauthenga amafika mochedwa ndipo zimasokonekera pa update.

4. Ndi feki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: katoni ikuti 512GB, dzina ndi la foni yodula, mtengo ndi wa foni ya mabatani. Zoterezi zimanamiza ngakhale pa Settings. Njira yothandiza ndi kukopera mavidiyo okwana 20GB kapena 30GB nkuwatsegula amodziamodzi. Pa feki zambiri amakana kulowa kapena amawonongeka.  "iPhone" imene ikutsegula Play Store ndi Android yovala chikopa cha wina. Pa Samsung yeniyeni, kuimba *#0*# kumatsegula tsamba loyesera sikirini, sipika ndi zina, ngakhale kuti ina yochokera ku makampani a ku America inatsekedwa khodi imeneyi.

## Batire ikatupa

Chikuto chakumbuyo chikayamba kutukuka, sikirini ikukwera m'mbali, kapena foni ikutentha osaigwiritsa ntchito, izimitseni, musaitchajenso, musaiboole kapena kuipanikiza, ndipo musagone nayo pafupi. Pitani nayo kwa wokonza tsiku lomwelo. Batire yotupa imayaka.

## Maminitsi 15 musanapereke ndalama

Pafupifupi mavuto onse ali pamwambawa amaoneka foni ikadali pa kauntala. Nyamulani makhadi awiri, a Airtel ndi TNM, okhala ndi mayunitsi ndi kabandulo, kapini kotulutsira kathireyi, ndi power bank. Wogulitsa amene akukana kuti muyese, kaya akuti batire yatha, kaya akuti akuthamangira basi, musiyeni.

1. Tulutsani kathireyi nokha, muone ngati muli kachipangizo kena.
2. Ikani khadi yanu pa malo oyamba, imbani, tumizani uthenga, tsegulani intaneti WiFi ili yozima, ndipo onani kuti 4G ikuoneka. Bwerezani ndi khadi inayo ndi malo enawo.
3. Imbani *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM. Foni imene siikutsegula Airtel Money ndi Mpamba idzakuvutani tsiku lililonse.
4. Yerekezani IMEI ya pa *#06# ndi ya pa About ndi ya pa katoni. Zonse zifanane.
5. Pa iPhone onani Carrier Lock, Battery Health, ndi Parts and Service History. Batire yotsika pa 80% yatsala pang'ono kusinthidwa, ndipo "Unknown Part" ikutanthauza kuti munaikidwa chida chosachokera kwa Apple. Chilembo choyamba cha Model Number chimanenanso mbiri: M ndi yogulidwa yatsopano, F ndi yokonzedwanso, N ndi yoperekedwa m'malo mwa ina yowonongeka.
6. Wogulitsa atulutse akaunti yake, afufute zonse inu mukuona, ndipo muiyatse mpaka ifike pa sikirini yaikulu italumikizidwa ku intaneti. Gawo ili ndilo limaulula loko ya akaunti, ya ngongole ndi ya kuntchito, ndipo ndilo limene ogula ambiri amalidumpha chifukwa limatenga nthawi.
7. Lisiti ikhale ndi dzina la shopu, tsiku, mtundu wa foni, IMEI, mtengo, ndi masiku amene mungabweze.

Kwa amene ndalama zake ndi zochepa, foni yatsopano ya Tecno, itel, Infinix, Redmi kapena Samsung ya mtundu wa A yogulidwa m'shopu yodziwika kuno imaposa foni yapamwamba ya kaunjika imene mbiri yake simukuidziwa. Inapangidwira mabandi a kuno, imalandira makhadi awiri, ili ndi waranti, ndipo sikirini ndi batire zake zimapezeka m'tauni iliyonse. Wotuma m'bale kunja amuuze kuti agule foni yolembedwa "unlocked" kapena "SIM-free", yolipiridwa yonse, ndipo atumize chithunzi cha nambala ya mtundu wake asanalipire.

Shopu ikakana kulandira foni imene inagulitsidwa ngati yomasuka pamene ili yolokedwa, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission mutanyamula lisiti ndi chithunzi cha sikirini. Ngati vuto ndi khadi kapena netiweki ndipo kampani yanu yalephera kukuthandizani, dandaulo limapita ku MACRA, ndipo kumeneko adzafuna nambala ya dandaulo imene kampaniyo inakupatsani, choncho muziifunsa ndi kuilemba nthawi iliyonse mukaimba.